Mizukwa, anamapopa ndi Napolo: kumene nkhani zoopsa za mu Blantyre zimachokera

Munthu amene wakhala mu Blantyre kwa zaka zingapo sangalephere kuloza nyumba imodzi kapena ziwiri zimene anthu amati sizigoneka, kapena pokhota msewu pamene madalaivala amati usiku pamaima mayi wovala zoyera. Nkhani zoterezi zimakambidwa m'minibasi, m'misika, ndiponso pamaliro amuna akamaotha moto panja kudikira kuti kuche, ndipo masiku ano zimafala mofulumira kwambiri pa WhatsApp ndi pa Facebook. Ena amazikhulupirira ndi mtima wonse, ena amati n'zachikale, koma magulu awiri onsewa amalakwitsa mofanana, chifukwa amaunjika nkhani zonse pamodzi ngati kuti mzukwa, namapopa, Napolo ndi mfiti ndi chinthu chimodzi. Chilichonse mwa zimenezi chili ndi gwero lakelake, ndipo munthu akazilekanitsa amapeza kuti zambiri zinamera pamalo pamene panagwa imfa imene sinalongosoledwe bwino, kaya ndi abale, kaya ndi boma, kaya ndi khoti.

Makolo athu sankasokoneza mawu pa zinthu zimenezi. Mzimu ndi munthu wathu amene anamwalira, tinamulira, tinamuika m'manda mwa mwambo, tinameta, ndipo timamukumbukira. Ameneyu saopseza anthu odutsa m'njira. Amabwera m'maloto kwa mbale wake, amadandaula ngati waiwalidwa, ndipo akuluakulu akathira nsembe ya ufa kapena ya mowa patsinde pa mpoza kapena msolo, nkhani imathera pomwepo. Mzukwa ndi wakufa amene sanakhazikike, woonekera ngakhale kwa anthu osamudziwa, pamalo pamene anafera kapena pafupi ndi manda. Chiwanda ndi mzimu woipa umene ulibe ubale ndi munthu amene ukumuzunza. Omasulira Baibulo anamva kusiyana kumeneku kwa eni chinenero, n'chifukwa chake mizimu yozunza anthu anaitcha ziwanda, koma pamene ophunzira a Yesu anamuona akuyenda panyanja usiku, Buku Lopatulika limati anayesa mzukwa. Mfiti ndiye ndi munthu wamoyo. Kusiyana komalizaku ndi kumene ine ndimakuona kolemera kuposa kwina konse, popeza mzukwa sungaugende miyala, koma munthu amene watchedwa mfiti kapena namapopa ali ndi thupi lotuluka magazi, ali ndi ana, ali ndi nyumba yoti anthu n'kuitentha.

Blantyre ndi mzinda wa anthu obwera, ndipo zimenezi zili ndi gawo lalikulu pa nkhaniyi. Kuyambira pamene amishoni a ku Scotland anakhazikika m'dera la mfumu Kapeni mu 1876, kenaka kampani ya Mandala n'kumanga nyumba yake yosanja mu 1882, anthu akhala akubwera kuno kudzafuna ntchito, kudzapezana ndi Amang'anja ndi Ayao amene analipo kale: Alhomwe ochokera ku Mozambique, Angoni a ku Ntcheu, Asena a kuchigwa cha Shire, Atumbuka ndi Atonga a kumpoto. Aliyense anabwera ndi miyambo yake ya maliro, koma manda a makolo ake anawasiya kumudzi. Kumudziko, m'madera ambiri, mwini nyumba akamwalira nyumbayo inkagwetsedwa maliro akatha, ndipo ngakhale pamene sinagwetsedwe, mudzi wonse unkadziwa amene anaferamo, chimene chinamupha, ndi mwambo umene unachitika pomuperekeza. M'tauni zimenezi sizitheka. M'nyumba ya lendi munthu akaferamo, mwini wake amaipaka laimu, n'kusintha loko, mwezi wotsatira n'kulowetsamo banja lina losadziwa kanthu. Banjalo limadzamva mbiri ya chipinda chimene likugonamo kuchokera kwa anansi, pang'onopang'ono, ndipo kawirikawiri limamva zoopsa zokhazokha.

Zimenezi ndinaziona ndekha nditangoyamba ntchito, pamene ndinkachita lendi kanyumba ka zipinda ziwiri ku Zingwangwa. Usiku wachitatu, cha m'ma 9 koloko, ndinamva ngati munthu waponya mwala padenga, kenaka kachiwiri, kenaka ngati chinthu chikukwekwereza mapazi pamalata. Kutacha ndinafunsa mayi wina wachikulire amene ankakhala moyandikana nane. Iwo anasiya kutsuka mbale, n'kupukuta manja pachitenje, n'kundiuza motsitsa mawu kuti, "Achimwene, nyumba imeneyi anthu sakhalitsamo. Munali mnyamata wina wa kuchigwa, anafera momwemo yekhayekha, ife tinadzadziwa patapita masiku atatu. Abale ake anabwera ndi galimoto usiku n'kumunyamula, sitinagone pamaliro ngakhale tsiku limodzi."

Gwero la phokoso lija silinavute kulipeza. Malata amene aotchedwa ndi dzuwa la mu Okutobala amafutukuka masana, ndipo usiku kukazizira amabwerera m'malo mwake n'kumalira pamisomali. Pamwamba pa nyumbayo panalinso nthambi ya mango imene inkagwetsa timango tosakhwima, komanso amphaka ankadutsa padenga pomwepo. Koma chimene chinanditsalira mumtima ndi mawu a mayi aja akuti sanagone pamaliro. Anthu a pamalopo ankakhala ndi mnyamatayo, ankabwerekana naye machesi ndi mchere, ndipo anachoka pakati pawo popanda nyimbo, popanda wina kuimirira n'kufotokoza kuti anadwala chiyani. Nyumbayo inatchuka ndi mzukwa chifukwa anansi anali ndi maliro amene sanawalire.

Palinso chinthu china chimene anthu ambiri amachitenga ngati umboni, chomwe madokotala amachidziwa bwino. Munthu amatha kudzidzimuka usiku, maso n'kutseguka, koma thupi lonse litauma, osatha kusuntha dzanja kapena kufuula, pachifuwa ngati pakhala munthu, nthawi zina n'kumaona chithunzithunzi pakhomo. Izi zimachitika chifukwa munthu akamalota ubongo umamanga minofu ya thupi kuti asamachite zimene akulotazo, ndiye nthawi zina maganizo amadzuka minofu isanamasulidwe. Zimatenga masekondi kapena mphindi zochepa, ndipo zimabwera kawirikawiri kwa munthu wotopa, wosagona mokwanira kapena wodzazidwa ndi nkhawa. Amene zamuchitikira sakunama akamati anaona chinthu, ndipo kumuseka n'kumulakwira.

Manda nawo ali ndi mbiri yawo. Mzinda utakula unameza midzi ya kwa Kapeni, kwa Machinjiri, kwa Somba ndi kwa Kuntaja pamodzi ndi manda ake. Mukayenda ku Ndirande, ku Bangwe kapena ku Chirimba mudzaona kuti kankhalango kamene katsala pakati pa nyumba zothithikana nthawi zambiri ndi manda, chifukwa ndi malo okhawo amene nkhwangwa inaopa, ndipo pamenepa tinene zoona, mantha aja anasunga mitengo imene malamulo a nkhalango analephera kusunga. M'mitengo imeneyi ndi momwe mwatsala akadzidzi ndi mileme, ndipo afisi amene ena amati ndi okwera afiti alipodi amoyo m'mapanga a phiri la Michiru. Nkhani ya mayi wopempha matola usiku, amene dalaivala amamubwereka jekete mawa lake n'kukaipeza pamanda, siyathu tokha ayi, imakambidwa ku Lusaka, ku Johannesburg ngakhale ku America, ndipo wokamba sakhala amene anaona, amakhala kuti anamva kwa mnzake wa achimwene ake. Chimene chili chathu ndi malo amene timaikhazika, monga msewu wa ku Zalewa kapena chitunda chotsikira ku Chikwawa, kumene ngozi zatha anthu ambiri amene anafera pakati pa alendo, kutali ndi kwawo.

Koma nkhani imene inasiya chipsera chachikulu pa mzinda uno si ya mzukwa, ndi ya anthu enieni amene anaphedwa ndi anthu anzawo. Kuyambira mu Seputembala 1968 mpaka mu Malichi 1970, anthu osachepera 30 anaphedwa usiku m'nyumba zawo ku Chilobwe ndi m'madera ena a m'mphepete mwa mzinda, ndipo matupi ambiri ankapezeka atakhapidwa moopsa. Agogo anga aakazi, amene pa nthawiyo ankakhala m'munsi mwa phiri la Soche, ankayamba atakhala chete kaye asanaikambe nkhaniyi. "Mwana wanga," ankatero, "dzuwa likangopendeka tinkalowetsa ana, chitseko n'kuchitsamiritsa mtondo, pamwamba pa mtondowo n'kusanjapo zitini, kuti wina akangokankha tidzuke. Agogo ako aamuna ankagona chokhala, nkhwangwa ili pamiyendo."

Miyezi inkapita apolisi osagwira munthu woti anthu akhulupirire kuti ndiyedi, ndipo m'malo mwa yankho munalowa mphekesera. Anthu ankanong'onezana kuti boma lenilenilo ndi limene likupha anthu ndi kuwapopa magazi kuti liwatumize ku South Africa pobweza ngongole. Munthu wa lero akhoza kudabwa kuti anthu anzeru zawo anakhulupirira bwanji zoterezi, koma taonani zimene ankaona ndi maso awo. Mu 1967 Malawi inakhazikitsa ubale wa ukazembe ndi boma la tsankho la ku South Africa, pamene maiko ena a anthu akuda ankalikana. Ndalama zoyambira kumanga likulu latsopano ku Lilongwe zinachokera komweko. Chaka ndi chaka amuna masauzande ambirimbiri ankapita ku migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela, dzina limene latsalira pa depoti ya mabasi mpaka lero, ndipo ena ankabwerako ndi chifuwa, ena osabwerako n'komwe. Kwa mayi wa ku Chilobwe amene mwamuna wake anakwera ndege ya Wenela, mawu akuti magazi a Amalawi akupita kummwera posinthana ndi ndalama sanali achilendo kwenikweni. Mphekeserayo inali yabodza, koma njerwa zimene inamangidwira zinali zenizeni.

Zotsatira zake zinapitirira Chilobwe. Mu 1969 amuna asanu amene ankazengedwa mlandu wokhudza kuphana kumeneku anamasulidwa chifukwa umboni sunakwanire, ndipo Dr. Kamuzu Banda anakwiya poyera. Lamulo linasinthidwa kuti makhoti a mafumu akhale ndi mphamvu zozenga milandu yakupha ndi kupereka chilango cha imfa, ndipo majaji achingelezi a Khoti Lalikulu anatula pansi udindo. M'makhoti atsopanowa woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya. Ndi makhoti omwewa amene anadzaweruza Albert Muwalo, yemwe anali mlembi wamkulu wa chipani cha MCP, kuti anyongedwe mu 1977, ndiponso Orton ndi Vera Chirwa kuti aphedwe mu 1983, mlandu umene unazengedwa ku Soche, pafupi ndi kumene mantha aja anayambira. Munthu mmodzi, Walla Laini Kawisa, anagwidwa mu 1970, anavomera kupha, ngakhale kuti zimene ankanena zinkasinthasintha, ndipo anaweruzidwa kuti aphedwe. Nduna ina, Gomile Kumtumanji, amene dzina lake linkatchulidwa m'mphekeserazo, anamangidwa n'kudzafera m'ndende mu 1990. Anthu ambiri a mu mzinda uno sanakhutire konse kuti munthu mmodzi yekha akanatha kupha anthu onsewo, ndipo panalibe bwalo loti afunsirepo, chifukwa kufunsa kumene kunali mlandu. Akuluakulu amati mlandu suola, ndipo wa ku Chilobwe sunaole.

Tisaiwalenso kuti anthu anaphunzitsidwa ndi boma lomwe kusakhulupirira mawu a boma. Mu Meyi 1983 dziko linauzidwa kuti nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu David Chiwanga, anafa pa ngozi ya galimoto ku Mwanza. Anthu ankanong'ona kuti anachita kuphedwa, ndipo bungwe lofufuza limene linakhazikitsidwa mu 1994 linapeza kuti onong'onawo ndi amene ankanena zoona. Mtundu umene waonapo mphekesera ikupambana chilengezo cha boma suchedwa kukhulupirira mphekesera yotsatira, ngakhale ikhale yopanda mutu.

Apa ndi pamene pamachokera mphamvu ya nkhani ya anamapopa. Inabukanso kumapeto kwa 2002 ku Thyolo, Mulanje, Chiradzulu ndi Blantyre, chaka chimene njala inapha anthu chimanga cha m'nkhokwe za boma chitagulitsidwa, ndipo nthawi imeneyi ankati magazi akusinthanitsidwa ndi chakudya cha thandizo chochokera kunja. Mu Januwale 2003 Eric Chiwaya, gavanala wa chipani cha UDF mu mzinda wa Blantyre, anagendedwa mpaka kugonekedwa m'chipatala pomuganizira kuti akusunga anamapopa. Patatha zaka pafupifupi 15, mu Seputembala 2017, nkhaniyo inayambiranso ku Mulanje, n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu ndi Nsanje, moti bungwe la United Nations linachotsa antchito ake ku Mulanje ndi ku Phalombe. Pofika pakati pa Okutobala inali italowa mu Blantyre, kumene amuna awiri anaphedwa tsiku limodzi, mmodzi mwa iwo mnyamata wodwala khunyu amene anagendedwa n'kutenthedwa. Anthu osachepera asanu ndi anayi anaphedwa m'chigawo cha kummwera, ndipo apolisi anamanga anthu pafupifupi 140 pa zipolowe zimenezi.

Sabata imeneyo ndinakwera minibasi ina yotuluka m'tauni madzulo, ndipo tinapeza anyamata atatseka msewu ndi miyala ndi zipika, ena atanyamula zikwanje. Anatitsitsa tonse n'kuyamba kusecha zikwama. M'kachikwama ka bambo wina wachikulire anapezamo majakisoni ndi kabotolo ka mankhwala, ndipo mnyamata amene anazipezayo anazikweza m'mwamba kuti anzake aone. "Ana anga," anatero bamboyo, milomo ikunjenjemera, "ine ndimadwala shuga, ndimadzibaya ndekha m'mawa ndi madzulo." Palibe amene ankamva. Chimene chinawapulumutsa ndi mayi wina wogulitsa tomato pambali pa msewu, amene anadutsa pakati pa gululo akufuula kuti bambowo amapemphera nawo mpingo umodzi, n'kuwauza kuti atulutse buku lawo la kuchipatala. Pakanapanda mayi ameneyo, sindikukayika chimene chikanachitika pamalo paja.

Bungwe la madokotala m'dziko muno linanena momveka pa nthawiyo kuti panalibe umboni wa kuchipatala wosonyeza kuti wina anapopedwa magazi. Ndipo amene anaperekapo magazi ku Malawi Blood Transfusion Service akudziwa chifukwa chake nkhani ya paipi yolowera pawindo singatheke. Kuti atenge mamililita 450 okha pamafunika singano yaikulu yolowa bwino mumtsempha, munthu atagona phee kwa mphindi zingapo, ndi thumba lokhala ndi mankhwala oletsa magazi kuundana, chifukwa magazi akatuluka m'thupi amaundana m'mphindi zochepa. Akatero amayenera kusungidwa m'firiji pa madigiri 2 mpaka 6, kuyezedwa HIV, matenda a chiwindi ndi chindoko, ndipo pakatha masabata asanu kapena asanu ndi limodzi amakhala atatha ntchito. Zimene anthu ankafotokoza, monga kudzuka thupi litauma, kulephera kufuula, kufooka ndi chizungulire, ndi zomwe zija tazitchula kale, zikakumana ndi kutentha kwa mu Okutobala, njala, kuchepa magazi m'thupi ndi masabata angapo osagona tulo. Mantha awo anali enieni. Amene anafa pa nkhaniyi, komabe, anaphedwa ndi miyala ndi moto wa anthu anzawo, ndipo ambiri anali alendo pamalopo, odwala, kapena anthu amene sakanatha kudzifotokozera msanga.

Lamulo la za ufiti limene atsamunda anakhazikitsa mu 1911, lomwe likugwirabe ntchito, limaletsa kutcha munthu mfiti. Ambiri amadandaula kuti lamuloli silivomereza chinthu chimene Amalawi ochuluka amachikhulupirira, ndipo mkangano woti lisinthidwe wakhalapo kwa zaka zambiri. Koma aliyense wolankhulapo ayenera kukumbukira za ku Neno mu Januwale 2016, pamene okalamba anayi a banja limodzi anaphedwa mtsikana wina atafa ndi mphenzi. Chimodzimodzinso nkhani za ndondocha, zoti mwini chigayo kapena golosale anapha mbale wake m'matsenga kuti azimugwirira ntchito usiku, zimagwera munthu wodziwika dzina, amene mwina tchimo lake ndi lakuti walemera pakati pa anthu osauka popanda anzake kuona njira imene wadzera.

Boma nalo silinapezebe njira yabwino yoyankhira nkhani zoterezi. Mu Malichi 2005 kunamveka kuti Pulezidenti Bingu wa Mutharika wasiya kugona m'nyumba yachifumu ya zipinda 300 ya ku Lilongwe, imene lero imatchedwa Kamuzu Palace, ati chifukwa cha mizukwa. Nkhaniyo inatchula mlangizi wake pa zachipembedzo, m'busa Malani Mtonga, amene pambuyo pake anakana kuti sananene zimenezo, ndipo Pulezidentiyo anatsutsa nkhaniyo, nati saopa mizukwa. Zikanathera pomwepo bwenzi itaiwalika, koma apolisi anakagwira atolankhani awiri, Raphael Tenthani ndi Mabvuto Banda, kunyumba zawo ku Blantyre n'kupita nawo ku Lilongwe, ndipo kumangidwa kwawo kunangowonjezera kufalitsa nkhaniyo dziko lonse lapansi. Unyolo sunathetsepo mphekesera, kaya mu 1969, kaya mu 2005, chifukwa kwa munthu wokayika kale, kumanga wolankhula kumangotsimikiza kuti pali chobisika.

Nkhani za mapiri ndi zamtundu wina, ndipo ine ndimazilemekeza mwapadera, popeza siziloza chala munthu. Kukacha bwino, kuchokera ku Limbe kapena ku Bangwe mumaona phiri la Mulanje, limene nsonga yake, Sapitwa, ndi yotalika mamita 3,002. Anthu a kumeneko amati m'phirimo muli mizimu, kuti woyenda akhoza kupeza chakudya chokonzedwa kale ndipo ayenera kudya osaitana anzake, ndiponso kuti wonyoza malamulo a phiri sabwerako. Mu Seputembala 2003 Linda Pronk, wa ku Netherlands, anakwera yekha kulowera ku Sapitwa ndipo sanapezeke. Mu Julayi 2009 Gabriel Buchmann wa ku Brazil anasiya womuperekeza n'kupitirira yekha, ndipo thupi lake linapezeka kumayambiriro kwa Ogasiti atafa ndi kuzizira. Amene anakwerako amadziwa kuti chiperoni chikabwera kuchokera ku Mozambique, nkhungu imatseka njira m'kanthawi kochepa, miyala imaterera, ndipo pakati pa matanthwe pali maenje akuya obisika ndi zitsamba. Mwambo umati usapite wekha, usanyoze, umvere eni malo. Wodziwa za nyengo ndi za mapiri anganenenso zomwezo m'mawu ake.

Napolo ndi chimodzimodzi. Makolo ankati ndi chinjoka chachikulu chokhala pansi pa phiri, chimene chikafuna kusamuka chimang'amba nthaka n'kutsika ndi madzi, miyala ndi mitengo, n'kusesa chilichonse chimene chili m'njira yake. Dzinali linamveka ku Zomba mu Disembala 1946, linamvekanso ku Phalombe mu Malichi 1991 pamene matope ochokera m'phiri la Michesi anapha anthu mazanamazana. Akatswiri a nthaka amafotokoza kuti mvula ikagwa masiku angapo osalekeza, dothi la pamtunda wotsetsereka limamwa madzi mpaka kulemera ndi kusiya kugwirana ndi thanthwe la pansi pake, kenaka limatsetsereka lonse nthawi imodzi, n'kulowa m'khwawa, n'kusanduka mtsinje wa matope wokokolola miyala yaikulu ngati nyumba. Munthu amene waona mkwasa umene umatsala m'phiri, wautali ndi wokhotakhota kuchokera pamwamba mpaka pansi, samadabwa kuti makolo anautcha njira ya njoka. Ndipo m'nthano imeneyi munali chenjezo lenileni, lakuti pamene Napolo anadutsa adzadutsanso, choncho m'khwawa ndi m'mphepete mwake simumangidwa nyumba.

Ife a mu Blantyre tinkaiona nkhaniyi ngati ya ku Zomba ndi ku Phalombe, mpaka pa 13 Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagwetsa mbali ya phiri la Soche pa nyumba za ku Chilobwe ndi ku Manja. Mitengo ya m'phirimo inali itatha ndi makala ndi nkhuni, ndipo nyumba zinali zitakwera mpaka m'malo amene agogo anga ankatolako bowa, osati chifukwa chakuti anthu sankadziwa kuopsa kwake, koma chifukwa ndi kumene munthu wa ndalama zochepa akanapeza puloti kapena lendi yotsika. Kudula mitengo sikufotokoza zonse, popeza mvula imene inagwa masiku amenewo inagumula ndi malo ena okhala ndi mitengo, koma kunachititsa kuti dothi lisakhale ndi chogwira. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 anafa kapena kusowa. Ku Chilobwe kunachitika mwambo wa maliro a anthu ambiri pamodzi, koma ena ambiri sanapezeke, ali pansi pa matope ndi miyala imene ngakhale makina sanathe kuisuntha.

Chilobwe yemwe uja wa zitini pachitseko wakhalanso ndi akufa opanda manda. M'minibasi zopita kumeneko ndamvamo kale anthu akukamba kuti usiku kumiyala kuja kumamveka mawu a ana ndi kulira kwa amayi, ndipo sindikukayika kuti zaka zikubwerazi malo amenewo adzatchuka ndi mizukwa monga inatchukira nyumba ija ya ku Zingwangwa. Mwezi wa Malichi wapitawu ndinakwera kumeneko m'mawa, ndipo ndinapeza mayi wina atawerama ndi tsache, akusesa mozungulira mwala waukulu pamalo pamene panalibe nyumba kapena bwalo. Anali atazula udzu wonse m'mbali mwake n'kuuunjika pambali. Nditawapatsa moni ndinawafunsa kuti, "Mayi, nanga mukusesa pano bwanji?" Anaweramuka, n'kugwira m'chiuno, n'kuloza mwalawo ndi tsache lija. "Apa panali pakhomo pa mayi anga, achimwene. Anali m'nyumba ndi mwana wanga wamng'ono. Anzanga akamapita kukalambula kumanda, ine ndimabwera kuno."